Ophika opanda chikwangwani ku Mua ndi ku Golomoti

M'mizinda ngati Lilongwe ndi Blantyre munthu amanyadira akatulukira kamalo kobisika ka nsima yokoma kuseri kwa msika. Kuno kunsi kwa mapiri a Dedza malo odyera ambiri ndi otero. Mlendo amabwera ku Mua kudzaona mishoni imene ansembe a White Fathers anayambitsa mu 1902, ndi malo a zachikhalidwe a KuNgoni amene bambo Claude Boucher anatsegula mu 1976. Koma wosema ziboliboli, wodikirira wodwala pachipatala cha mishoni ndi mnyamata wa kabaza sadyera kumalo ogona alendo ayi. Amadyera m'tiyirumu ya kansalu pakhomo, pachiwaya m'mbali mwa msewu wa M5, kapena kwa mayi wina wodziwika ndi dzina la mwana wake basi. Ophikawa ndi amisiri enieni, ndipo timawalakwira tikamati akungodzithandiza.

Taonani mayi wa lesitilanti pa Golomoti, pamene pakumana misewu ya ku Salima, ku Balaka, ku Monkey Bay ndi wa Khwekhwelere wokwera ku Dedza. Kusanache ali kale kumjigo, mutu uli pa masamu: kodi lero ndi tsiku la msika? Usipa wafika pa mtengo wanji? Akachulutsa mpunga wa ku Bwanje, pofika madzulo wasasa ndi kutentha kwa kuno, pakuti firiji alibe. Akachepetsa, minibasi ikatsitsa anthu masana awabweza ndi njala, ndipo mawa lake akadyera pena. Amadziwa dalaivala wofuna mgaiwa ndi gogo amene tsabola samuyanja. M'kakope kake mumalembedwa ngongole za apantchito olipira mwezi ukatha, pamene mpamba wake ndi wobwereka ku banki m'khonde. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ophikira ndi shuga zinakwera, koma makasitomala ake sanalemere. Luso linakhala pogawa ndiwo kuti mbale isaoneke yamanyazi. Amene amati iyi si ntchito sanayesepo kuigwira sabata yathunthu osadya mpamba.

Otsutsa amanena za ukhondo, ndipo si bodza. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndiye alangizi a zaumoyo akamayendera malowa sakuzunza munthu. Komatu gwero la vutoli ndi madzi ndi zimbudzi za pamsika. Mayi wotunga madzi ndi chigubu amayenera kusankha pakati pa mphika, mbale ndi ndowa yosambira m'manja. Kumutsekera malo sikuthetsa njala ya apaulendo. Amakadyerabe pena, poipa kuposa apo. Ena amati anthuwa salipira msonkho, kuiwala tikiti ya khonsolo imene wogulitsa pamsika amadula tsiku lililonse. Ndalama imeneyo ibwerere monga mpopi ndi chimbudzi chosamalidwa pa Golomoti ndi pa Mtakataka.

Za ophika mowa nzovuta, tisaname. Kachasu wawononga mabanja, ndipo shabini yogulitsa ana asukulu siyenera kuikiridwa kumbuyo. Koma wofulula thobwa kapena masese, wodziwa kumeretsa chimera ndi kuyeza moto, asaponyedwe m'dengu limodzi ndi mwini shabini yotereyo. Naye akusowa madzi abwino ndi ngongole yaing'ono yobweza nyengo yokolola, pamene anthu ali ndi ndalama m'thumba.