Clements Kadalie ndi Mtengo wa Thukuta

Ife otumikira m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Mwaya kufika ku Bandawe, tidziwa mbiri ya machona: amuna amene msonkho wa atsamunda ndi kusowa kwa ntchito zidawapirikitsira ku Halale ndi ku Joni. Mmodzi mwa iwo adali Clements Kadalie wa ku Chifira, amene adaphunzira ku Livingstonia.

Ku Cape Town kumene adafikako, wantchito wodandaula payekha sadali ndi mphamvu, pakuti pachipata padali anjala ena odikira malo ake. Motero mu 1919 Kadalie adayambitsa bungwe la ICU, ndipo chaka chomwecho onyamula katundu padoko adanyanyala ntchito pamodzi. Pofika 1927 bungwelo linkawerengera mamembala ngati 100,000, koma mikangano ya atsogoleri ndi kusasamala chuma zidaligwetsa.

Papa Leo XIII, m'kalata yake Rerum Novarum ya 1891, adali ataphunzitsa kale kuti malipiro operewera amene munthu wavomera chifukwa cha njala sali olungama, ngakhale wavomera yekha. Achinyamata athu akupitabe ku Joni. Kodi powadalitsa paulendo timawaphunzitsa zimenezi?