Wapolisi akalakwa, mlimi wa ku Domasi akadandaule kwa yani?

Madandaulo okhudza apolisi m'midzi yambiri ya m'Malawi ndi amodzimodzi, ndipo munthu wa ku Domasi Mishoni kapena wogulitsa pamsika wa Songani sangawadabwe: mbava yogwidwa dzulo lero ikuyendanso m'mudzi, belo yomwe lamulo limati ndi yaulere ikufuna kangachepe, woberedwa mbuzi akuuzidwa kuti apeze kaye mafuta a galimoto. Ena amati mankhwala ake ndi malamulo atsopano. Koma malamulo abwino tili nawo kale. Chikusowa ndi njira yapafupi yoti mlimi wa ku Domasi, m'dera la mfumu Malemia, afunse wapolisi popanda mantha, n'kuyankhidwa.

Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, dziko lino lidafuna polisi yotumikira anthu m'malo mowaopseza. Mu 1997 kudayamba chitetezo cha m'madera, chomwe ambiri amati komyuniti polisi, ndipo lamulo la apolisi la 2010 lidalamula kuti pakhale bungwe loima palokha lolandira madandaulo, la Independent Complaints Commission. Komabe padatha zaka khumi bungweli lili papepala, mpaka a Christopher Tukula atasankhidwa kukhala mkulu wake woyamba. M'zaka zodikirazo anthu 20 adaphedwa pa zionetsero za mu Julaye 2011, Buleya Lule adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu 2019, ndipo chaka chomwecho amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu adachitidwa nkhanza ndi apolisi. Mu 2020 Bwalo Lalikulu lidagamula kuti 18 mwa iwo apatsidwe chipukutamisozi. Mlandu suola, n'zoona, koma wa ku Msundwe udafika kukhoti chifukwa bungwe la maloya achizimayi lidaukakamira. Ndi angati m'chigwa cha Domasi angapeze loya mwana wawo atamenyedwa m'chitokosi?

Bungwe la madandaulo lili ndi likulu ku Lilongwe, ulendo womwe mlimi sangaukwanitse. Kukadandaula kupolisi komwe kuli wokulakwira nakonso n'kovuta. N'chifukwa chake makomiti a chitetezo, omwe alipo kuchokera pamudzi, kwa gulupu, mpaka kwa mfumu yaikulu, akuyenera kusintha kagwiridwe ka ntchito. Lero ambiri amadziwika ndi kulondera usiku ndi kugwira akuba, ngati kuti ntchito yawo ndi kuthandiza apolisi basi. Ntchito ina, yofunika mofanana, ndi kuwafunsa. Mkulu wa polisi wa dera azibwera pabwalo la mfumu nthawi yoikika kudzafotokoza milandu yomwe idalandiridwa, yomwe idapita kukhoti ku Zomba ndi yomwe idathera panjira. Dandaulo lililonse lokhudza wapolisi lizilembedwa ndi komiti n'kutumizidwa ku bungwe loima palokha lija. Lamulo la 2010 limalolanso anthu wamba osankhidwa kuyendera zitokosi kuti aone mmene omangidwa akusungidwira. Mipingo ndi mizikiti ya m'derali, komanso aphunzitsi a ku Domasi College of Education, sakusowa anthu odalirika oti agwire ntchito imeneyi.

Alipo onena kuti kupanikiza apolisi ndi kuwafooketsa, poti ndi ochepa, malipiro ndi nyumba zawo n'zosakwanira, ndipo nawonso amaphedwa, monga a Usumani Imedi omwe adagendedwa ku Msundwe. Izi n'zoona, ndipo boma lisazembe udindo wake. Koma kusowa kwa galimoto sikupereka chilolezo chomenya munthu kuti avomere mlandu. Ndiponso wapolisi wachilungamo ndiye amapindula poyamba pamene wachinyengo akulangidwa, chifukwa mboni zimabwera pomwe pali chikhulupiriro. Kukambirana poyera kungachotsenso mkwiyo wina wobwera chifukwa chosadziwa. Malamulo oyendetsera dziko amati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo woganiziridwa akhoza kutuluka pa belo mlandu ukadalipo. Anthu akapanda kuuzidwa izi amaganiza kuti pagwa ndalama, ndipo mbava yotsatira amaiotcha.

Enanso amakayika makomiti eni ake, poti ena mwa olondera amamenya ogwidwa, kulipiritsa chindapusa mwaokha, kapena kukondera abale a mfumu. Kukayikaku n'koyenera, ndipo yankho lake ndi lomwelo: asankhidwe poyera, pakhale amayi ndi achinyamata, nthawi yawo ikatha asinthidwe, ndipo wolakwa ayankhe mlandu ngati wina aliyense.

Kusintha kwa polisi kusayezedwe ndi dzina latsopano kapena yunifomu. Kuyezedwe ndi funso loti mayi wa ku Domasi amene walipiritsidwa belo akudziwa koti akanene, ndipo akanena kodi ndalama yake imabwerera. Mafumu, atsogoleri a zipembedzo ndi makomiti a kwa Malemia atha kuyamba kuitanitsa misonkhano yofunsa apolisi pabwalo la mfumu chaka chino, osadikira lamulo lina.