Laputopu yanu ya kaunjika musaitaye, Linux ilipo

Inu amalonda amene mudagula laputopu ya kaunjika kuti muzilembamo katundu ndi maina a okongola, tamverani izi. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10. Makina akuyakabe, inde, koma zigamba zotseka mabowo oloweramo mavairasi ndi mbava za pa intaneti sizikubweranso ngati kale. Mukati musamukire ku Windows 11, iyo ikukana makompyuta ambiri akale, ati alibe kachipangizo kotchedwa TPM 2.0. Ndiye mugule ina? Ndalama yake iti?

Njira ina ndi Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene mnyamata wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, Linus Torvalds, adayambitsa mu 1991. Iyeyu kaphikidwe kake sadabise. Aliyense wodziwa atha kuona mkati, kukonza polakwika n'kugawira anzake osalipira ngakhale tambala. Foni ya Android imene mumalandirira ndalama za makasitomala ija, pansi pake pali Linux yemweyu.

Nanga bwanji pa makompyuta a m'mashopu sitimuona? Zoona zake n'zakuti kale Linux idali ya madolo okhaokha. Kuti printa igwire ntchito umayenera kutaipa malamulo pa galasi lakuda bii, ngati ukuombeza ula. Wa bizinesi alibe nthawi imeneyo.

Mmodzi mwa amene adalimbana ndi vutoli ndi mpondamatiki wa ku South Africa, Mark Shuttleworth, yemwe uja adakwera chombo kupita mlengalenga mu 2002. Mu 2004 adatulutsa mtundu wa Linux wotchedwa Ubuntu, dzina limene kwathu kuno tingati umunthu. Mpaka 2011 ma CD ake ankatumizidwa ulere pa positi kwa wopempha aliyense. Mu 2006 kudabadwa Linux Mint, yomangidwa pa Ubuntu, ndipo maonekedwe ake sasiyana kwenikweni ndi Windows. Ine ndaigwiritsapo ntchito pa laputopu yotopa kale, imayenda bwinobwino. Imabwera ndi LibreOffice, momwe mutha kulemba makalata ndi kuwerengetsera phindu monga muchitira pa Excel.

Koma ndisakunamizeni, ntchito yosalaza idakalipo. Maprinta ena ndi tizipangizo tina ta Wi-Fi timanyanyalabe, chifukwa opanga ake amalemba madiraiva a Windows n'kuiwala enawa, ndiye anthu odzipereka amachita kulondola m'mbuyo. Photoshop siyenda. Chikalata cha Word chokhala ndi mizere ndi mabokosi ambiri nthawi zina chimatseguka chitapindika, ndipo inu otaipira anthu ma CV ndi makadi aukwati mukudziwa mmene kasitomala amakalipira akaona dzina la mkwatibwi latsetsereka. Kwa ine apa ndi pamene okonza Linux ayenera kuikapo mtima, osati kumangosintha mitundu ya tizithunzi chaka ndi chaka.

Ubwino wake, simugula mphaka m'thumba. Linux Mint imatha kuyaka kuchokera pa fulashi popanda kufufuta kalikonse m'makina mwanu. Uzani mnyamata wokonza makompyuta akuyatsireni motero, mulumikize printa yanu, musindikize risiti imodzi, muyese intaneti. Zikatheka ndiye aike. Koma asanagwire chilichonse, kaundula wa ngongole uja muyambe mwamukopera pa fulashi ina n'kuika m'thumba.