Nsapato za phazi limene silimva kupweteka

Achinyamata anzathu, m'makalabu athu a ku Machinga ndi ku Balaka timakambirana kawirikawiri za kuyezetsa magazi ndi kumwa ma ARV mwandondomeko. Koma pali anzathu ena amene safika ku sewero kapena ku mpira wa kalabu chifukwa cha chilonda cha kuphazi, ndipo ukafufuza bwino umapeza kuti chinayamba ndi nsapato.

Kodi nsapato zikukhudzana bwanji ndi HIV?

Kachirombo ka HIV kamatha kuwononga minyewa ya m'miyendo, munthu n'kumamva dzanzi kapena kutentha kumapazi, mwinanso osamva kanthu n'komwe. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004, anthu ambiri ankamwa Triomune, yemwe munali mankhwala a stavudine. Mankhwalawa anapulumutsa anthu ochuluka koma ena anawasiyira dzanzi losatha. Kuyambira 2011 Malawi anayamba kuwachotsa pang'onopang'ono, komabe makolo ndi azakhali athu ena amene anawamwa nthawi imeneyo akadali ndi vutoli. Mankhwala a TB otchedwa isoniazid nawonso amabweretsa dzanzi, n'chifukwa chake achipatala amaperekanso vitamini B6. TB ikagwira msana imatha kupha ziwalo za m'munsi. Palinso anzathu amene anafa ziwalo chifukwa cha poliyo, sitiroko kapena ngozi ya pamsewu.

Ululu ndi mlonda wa phazi. Kamwala kakalowa mu nsapato, munthu amene amamva bwino amaima n'kukachotsa. Amene phazi lake lili ndi dzanzi amayenda nako tsiku lonse, n'kudzaona magazi pa sokosi madzulo. Mchenga wa ku Liwonde kapena ku Ulongwe m'mwezi wa October umaotcha, koma iye sadziwa mpaka matuza atatuluka. Ku Utale m'boma la Balaka, komwe amishoni a Katolika anasamalira odwala khate kwa zaka zambiri, nkhaniyi si yachilendo: zala za odwala ambiri zinkaduka chifukwa cha zilonda zobwerezabwereza pa phazi losamva. Munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, kapena amene ali ndi matenda a shuga, chilonda chotere chimachedwa kupola.

Nanga tisankhe bwanji?

Ambirife timagula nsapato pa kaunjika, ndipo palibe cholakwika. Chovuta n'chakuti pa kaunjika timadalira kumva ngati nsapato ikuthina, pamene mnzathuyu sangamve. Choncho maso ndi manja zigwire ntchito ya phazi. Pondani pa katoni, wina ajambule phazi lonse ndi cholembera, mudule katoniyo n'kupita nayo kumsika. Ikalowa mu nsapato mopindika, nsapatoyo njaing'ono, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti idzatamuka. Musakhulupirire nambala yokha, pakuti nsapato zimachokera m'mayiko osiyanasiyana: nambala 7 ya ku Britain imafanana ndi 41 ya mayiko ena a ku Ulaya. Jambulani phazi madzulo, chifukwa phazi lofa limatupa dzuwa likamapendeka. Kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wokwana chala chamanthu cha kudzanja.

Kenako pisani dzanja m'kati. Msoko wokhakhala, kamsomali kotulukira kapena chikopa chouma chopindika, zonsezi ndi chilonda cha mawa. Pansi pakhale polimba kuti minga isaboole, koma m'kati mukhale mofewa. Nsapato za pulasitiki zimasunga thukuta ndipo zimatentha padzuwa.

Patapata tonse timamukonda chifukwa ndi wotsika mtengo, koma amafuna zala zamphamvu zomugwira. Amene phazi lake limagwa n'kumakwekwereza pansi, patapata amavuka osadziwa kapena kumugwetsa. Iyeyu amafunika nsapato yogwira chidendene ndi akakolo, yomanga ndi zingwe kapena zomata, imenenso imatseguka kwambiri kuti phazi lilowe popanda zala kupindikira pansi. Amene amavala zitsulo kapena pulasitiki yochirikiza mwendo apite nazo kumsika n'kuyesera limodzi ndi nsapato. Kawirikawiri pamafunika nambala yokulirapo.

"Poti suyenda, nsapato n'zachiyani?"

Mawu amenewa timawamva akunenedwa kwa anzathu oyenda pa njinga ya olumala, ndipo ndi olakwika pawiri. Choyamba, phazi lopanda nsapato limaterereka pa chopondera, n'kukhula pansi kapena kugunda mwala mwini wake osadziwa. Chachiwiri, kutchena si kwa oyenda ndi miyendo okha. Mtsikana wa zaka 17 amafuna kuoneka bwino pa ukwati ngati anzake, ndipo nsapato imene saikonda sadzaivala, ngakhale itakhala yotetezeka bwanji. Nsapato za kanivasi zokhala ndi zingwe zamitundu zilipo zambiri pa msika wa Ntaja kapena wa Balaka, ndipo zambiri n'zotakata kutsogolo. Gogoda yekha ndiye timakayika naye, chifukwa amakankhira phazi lonse ku zala. Wosoka nsapato waluso angathe kuika zipi kumbali, kusintha zingwe kukhala zomata kapena kuonjezera lamba wa kuchidendene. Koma ngati mwendo wina ndi waufupi, muyeso wa kukweza nsapato uchokere kwa achipatala, osati kungoyerekeza.

Nsapato yatsopano ivalidwe ola limodzi tsiku loyamba, ndi masokosi oyera opanda zigamba, kenako muvule n'kuyang'ana phazi lonse, pakati pa zala ndi kuchidendene. Kagalasi kamathandiza kuona kunsi. Malo amene asintha mtundu, atupa kapena akutentha, osabwerera mwakale pakatha theka la ola, ndiye kuti nsapato ikufinya pamenepo. M'mawa uliwonse ikutumuleni musanavale. M'nyengo yotentha zinkhanira zimakonda kubisalamo.

Mukaona chilonda kapena dzanzi likukula, musasiye kumwa ma ARV. Kafotokozeni kumene mumalandirira mankhwala, kaya pa chipatala chachikulu cha boma la Machinga ku Liwonde, cha Balaka kapena chipatala chaching'ono cha kwanu. Iwo angathe kuona chimene chikuyambitsa, ndipo pakafunika zitsulo kapena nsapato zapadera amalemba kalata yopitira ku Zomba Central, ku Queen Elizabeth kapena ku Kachere Rehabilitation Centre mu mzinda wa Blantyre. Popita kumeneko tengani nsapato imene mumavala masiku onse, chifukwa mmene yathera kunsi zimawauza mmene mumapondera.