Kamphepo Kamene Kasiyanitsa Mau m'Cinyanja

Munthu wa ku Chipata akafika m'Lusaka napita ku msika wa Kabwata, amva anthu alikulankhula Cinyanja, koma makutu ace amuuza kuti si ceni-ceni ca kwao ai. Iye ati "madzi," wogulitsa ati "manzi." Iye ati "dzina" ndi "tsiku," ana a ku Chelstone ati "zina" ndi "siku." Kusiyanaku kwakula kuyambira mu 1935, pamene Lusaka unakhala likulu la dziko, ndipo Acewa, Ansenga, Angoni, Abemba ndi mitundu ina anasonkhanamo kudzafuna nchito.

Cinyanja ciri ndi malemba a liu asanu: a, e, i, o, u. Awa sabvuta. Cobvuta ndico kamphepo kamene kalembedwa ndi h pambuyo pa p, t kapena k. Munthu akaika dzanja patsogolo pa milomo nanena "pala," samva kanthu. Akanena "phala," kamphepo kagunda dzanjalo. Kupala ndiyo nchito ya mmisiri wa matabwa, koma phala ndi cakudya. Momwemonso kukola mbewa kusiyana ndi khola la ng'ombe, ndipo kukama mkaka si khama.

Cina ndico kukweza ndi kutsitsa liu. Mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa m'sitolo alembedwa cimodzi-modzi. Pochula wa m'thengo liu likwera pa "te," koma pochula wa m'sitolo liu likhala pansi mpaka potsiriza.

M'tauni kamphepo kaja kagwa m'mau ena: "munthu" asanduka "muntu," ndi "anthu" asanduka "bantu," monga anenera Abemba. Ndiponso "kudziwa" kusanduka "kuziba," ndi "dzuwa" lisanduka "zuba."

Nkhaniyi ikhudza ana a sukulu kwambiri. Mu 1977 Unduna wa Maphunziro unakhazikitsa kalembedwe ka zinenero zisanu ndi ziwiri za m'Zambia, ndipo mabuku a Cinyanja atsata kanenedwe ka kum'mawa. Mu 2014 Boma linalamula kuti ana oyamba sukulu aphunzire m'zinenerozo, ndipo m'Lusaka munasankhidwa Cinyanja. Pamenepo ana ambiri anapeza m'buku mau osiyana ndi a kunyumba.

Mwana wolemba "siku" sali wopusa: walemba cimene amva. Kholo limene limuchulira "siku" ndi "tsiku" pang'ono-pang'ono, kufikira khutu lace ligwire kusiyana kwace, limuthandiza koposa mkwapulo.