Kodi N'ciani Cimatsogolera Dzanja Lathu pa Cisankho?

Akulu-akulu a kuno ku Rufunsa akukumbukirabe nyengo ya cipani cimodzi, kuyambira 1973 kufikira 1991, pamene Pulezidenti Kenneth Kaunda analibe wopikisana naye. Munthu ankangosankha "inde" kapena "iyayi", ndipo "iyayi" ankaimiridwa ndi cithunzi ca nyama, monga cule. Lero pepala lija linatalika: mu 2021 panali maina 16 a ofuna upulezidenti. Tsono, owerenga okondedwa, munthu akalowa yekha m'kacipinda kaja, colembera cili m'manja, n'ciani cimakoka dzanja lake?

Cimene cimalankhula mokweza kuposa zonse ndi mphika wa nsima. Mtengo wa unga utakwezedwa mu December 1986, ku Copperbelt kunabuka zipolowe. Mu June 1990 zinabukanso mu Lusaka. Caka comweco mabishopu athu analemba kalata yonena za cuma, ndale ndi cilungamo. Pa 31 October 1991 Frederick Chiluba ndi cipani ca MMD anapambana ndi mavoti pafupi-fupi atatu mwa anai alionse. Ambiri mwa ovotawo sanawerengepo malonjezo a cipani ciliconse, koma mtengo wa thumba la unga ankaudziwa pamtima.

Kwa mlimi wa kwa Mfumu Mpanshya, kwa Shikabeta kapena kwa Bunda Bunda, nkhani ya mphikayi imayambira kumunda. Kuyambira 2002 boma lakhala likuthandiza alimi ang'ono-ang'ono ndi feteleza ndi mbeu zotsika mtengo. Mlimi amaona ngati dzina lake lili pa mndandanda, ngati feteleza wafika mvula isanagwe, ndiponso ngati ndalama za cimanga cimene anagulitsa ku FRA zabwera asanayambe kukongola. Palibe colakwa pamenepa. Kuyesa boma ndi zimene lacita pakhomo pako ndi nzeru ndithu. Coipa cimalowa pamene wina anong'oneza mlimiyo kuti akavotera kwina, dzina lake lidzafafanizidwa. Limeneli ndi bodza loopseza nalo osauka, pakuti pa pepala lovotera sipalembedwa dzina la wovota, ndipo palibe mfumu, nyakwawa kapena wapampando wa kopaletivu amene angadziwe pamene munthu waconga.

Palinso mtundu. Mau akuti "wako ni wako" tawamva kawiri-kawiri, ndipo sabadwa ku udani nthawi zonse: munthu amayembekeza kuti mwana wa kwao akakhala pampando sadzaiwala mseu wa kumudzi. Koma taonani masamu ake. Mu 2001 Levy Mwanawasa anakhala Pulezidenti ndi mavoti osafika ngakhale 30 mwa 100 alionse. Cisinthireni malamulo a dziko mu 2016, wopambana ayenera kupitirira theka la mavoti onse, ndipo m'Zambia mulibe mtundu umene ungafike pamenepo paokha. Ife a dziko lino la Asoli, amene tikukhala limodzi ndi Ansenga, Acewa ndi ena ambiri m'mbali mwa mseu wa Great East, tiyenera kukhala oyamba kuzindikira zimenezi.

Za zitenje, masikipa, mcere ndi timakwaca togawidwa madzulo, aliyense akuzidziwa. Mu 2011 otsatira a Michael Sata anabwera ndi mau akuti "Don't kubeba", ndiye kuti landira mphatso, khala cete, ukavote momwe ufunira. Ambiri anacitadi zimenezo, ndipo MMD inagwa itatha zaka 20 m'boma. Ine ndimati mauwa anaticitira zabwino ndi zoipa pamodzi. Anakumbutsa anthu kuti voti ndi yacinsinsi, koma anatizoloweretsanso kuyesa wandale wobwera manja-manja ngati woumira. Mphunzitsi wopuma pa nchito kapena mai wodziwa bwino mavuto a dera, ngati alibe ndalama zogulira zitenje, amagonja mpikisano usanayambe. Pajatu lamulo la zacisankho limaletsa kupereka ciphuphu ndi kucilandira komwe.

Pa cisankho ca phungu ndi khansala m'pamene anthu a kumudzi amayang'ana munthu koposa cipani. Rufunsa inapatulidwa ku Chongwe nikhala boma palokha m'nthawi ya Sata, ndipo mu 2022 ndalama za citukuko za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Tsopano mjigo, mlatho kapena cipinda cophunziriramo ndi zinthu zoloza ndi cala, ndipo wopempha voti kaciwiri angafunsidwe kuti zili kuti.

Koma alipo amene dzanja lao silifika n'komwe pa pepala. Wopanda citupa ca NRC sangalembetse, ndipo wosalembetsa sangavote. Malamulo anaika cisankho pa Lacinai laciwiri la August, zaka zisanu zilizonse, nthawi ya cilimwe pamene miseu imapitika. Ngakhale tero, gogo wa kumapiri amayenera kuyenda mtunda wautali kuti akafike pa malo ovotera, ndipo kawiri-kawiri galimoto imene imamutenga ndi ya mmodzi wa opikisanawo.