Mkono wa Charles Upham unali wa mlimi

Dzina la Charles Upham likatchulidwa, anthu amathamangira ku mendulo. M'pomveka, pakuti mwa anthu atatu okha amene analandirapo mendulo ya Victoria Cross kawiri, awiri anali madokotala, ndipo womenya nkhondo anali iye yekha. Koma mendulozo zimaphimba chinthu chimene mlimi aliyense angachione msanga. Upham anabadwira ku Christchurch m'dziko la New Zealand mu 1908, anaphunzira zaulimi ku Lincoln, kenaka n'kumaweta nkhosa m'mapiri ndi kuyang'anira mafamu a eni. Chuma chake chinali mikono ndi miyendo, ndipo n'chomwecho chimene anatenga polowa usilikali mu 1939.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inalasa pomwepo. Pachilumba cha Crete mu May 1941, chidutswa cha bomba chinamuvulaza paphewa, chipolopolo n'kumulowa kuphazi, uku kamwazi atamufooketsa kale. Mu July 1942, pa Ruweisat Ridge ku Egypt, chipolopolo chinamuphwanya chigongono, koma anatsogolerabe anzake mpaka bomba lina linamuvulaza miyendo. Adani anamugwira akulephera kuyenda. Dokotala wachitaliyana atafuna kudula mkonowo iye anakana, ndipo nkhondo inakamuthera m'ndende ya Colditz mu 1945. Kalaliki wovulala chotere amabwerera pa desiki yake n'kupitiriza ntchito, pamene woweta nkhosa amayenera kukwerabe phiri ndi miyendo yomweyo, kugwira nkhosa yolimbalimba ndi mkono womwewo. N'chifukwa chake ngongole ya dziko kwa msilikali wochokera kumunda siithera pa mendulo. Imatha akayambiranso kudzidyetsa.

Ena anganene kuti Upham ndi umboni woti munthu wolimba mtima safuna thandizo. Paja anthu a m'chigawo cha Canterbury atasonkha mapaundi 10,000 kuti amugulire famu, iye anakana, ndipo ndalamazo zinakhala thumba lolipirira maphunziro a ana a asilikali. Zimenezo n'zoona, koma tione bwino chimene anakana. Anakana mphatso yomupatula pakati pa anzake amene anavulala naye limodzi osatchuka. Ngongole ya boma yothandiza asilikali obwerera kwawo sanaikane, ndipo ndi imene anagulira famu ku Conway Flat. Enanso angati iye anali ofisala wophunzira, choncho nkhani yake siyimira msilikali wamba. Apo ndiye mfundo yalimba: ngati munthu wa dipuloma ya zaulimi, wodziwika dziko lonse, anafunikabe dongosolo la boma kuti apeze malo, kuli bwanji mlimi wopanda dzina amene anabwerako ndi ndodo?

Upham analima pafamupo, mabalawo akumuvutabe, mpaka chaka cha 1994 pamene matenda anamuchotsapo. Anamwalira pa 22 November chaka chomwecho ali ndi zaka 86.